Kutsogolera ndi kutsatira povina swing: mafunso ndi mayankho

Munthu akaona koyamba anthu awiri akuvina swing, akuzungulirana mwaliwiro, kutayana n'kugwirananso osapondana, amafunsa funso limodzi: kodi anapangana? Nthawi zambiri sanapangane, mwinanso sadziwana ndi mayina omwe. Chimene chikuwayendetsa ndi luso la kutsogolera ndi kutsatira. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimamva kwa ongoyamba kumene, komanso kwa ena amene avina chaka chathunthu koma akadagwirabe mnzawo ngati akukankha wilibala. Zambiri zikunena za Lindy Hop, poti ndiye gule amene ndimamudziwa bwino.

Kodi swing ndi gule wanji, ndipo anachokera kuti?

Swing ndi dzina la banja la magule ovina awiriawiri amene anakula limodzi ndi nyimbo za jazz ku America. Wodziwika kwambiri ndi Lindy Hop, amene anabadwa pakati pa anthu akuda ku Harlem, mumzinda wa New York, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Kwawo kwenikweni kunali ku Savoy Ballroom, holo yaikulu ya pa Lenox Avenue imene inatsegulidwa mu 1926 n'kutsekedwa mu 1958. Kumeneko bandi ya Chick Webb inkaimba, ndipo akuda ndi azungu ankavina pansi pa denga limodzi pa nthawi imene malo ambiri m'dzikomo ankasankha khungu. Abale ena m'banjali ndi Charleston, East Coast Swing, West Coast Swing, Balboa ndi Shag.

Chimene chikutikhudza pano ndi ichi. M'magule akale a m'maholo, awiri ankagwirana pafupi kuyambira poyamba mpaka nyimbo itatha. Achinyamata a ku Harlem, monga George Snowden amene ankamutcha Shorty, anayamba kutayana pakati pa gule n'kutsala ogwirana dzanja limodzi, kuti aliyense apeze mpata woponya miyendo mmene akufunira. Ankazitcha breakaway. Kuyambira pamenepo, nkhani yonse yakhala yakuti anthu awiri amvana bwanji kudzera m'zala zochepa chabe.

Amene anakula akumva kwela ya Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka sadzaona kugunda kwa swing kukhala kwachilendo. Kwela ya ku South Africa ya m'ma 1950 inatengera zambiri ku swing ya ku America isanafike kuno.

Wotsogolera amachita chiyani, nanga wotsatira?

Wotsogolera ndi amene amayambitsa: amasankha kolowera, liwiro lake, ndi nthawi yotembenuka kapena kuima. Wotsatira amamva zimene zayambitsidwazo kudzera m'thupi n'kuzimaliza ndi miyendo yake. Mawu akuti miyendo yake ndawalemba dala. Palibe amene amanyamula mnzake. Wotsatira amadziyendera yekha, amasunga yekha kugunda kwa nyimbo, ndipo wotsogolera atati azimiririke mwadzidzidzi, iye sayenera kugwa.

Ife tinazolowera magule a pabwalo monga chimtali ndi beni, ovina pagulu osagwirana, koma kutsogolera timakudziwa m'nyimbo. Wina amayambitsa, ena n'kuvomera. Ovomera akagona, nyimbo imafa ngakhale woyambitsayo akhale ndi mawu okoma chotani, ndipo woyambitsa wanzeru amayamba wamva mmene amuvomerera asanaponye mzere wina. Mu swing kuvomerako kumachitikira m'manja ndi kumsana.

Kodi wotsogolera ayenera kukhala mwamuna?

Ayi. Kale zinkakhala choncho nthawi zambiri, koma masiku ano aphunzitsi ambiri amangoti otsogolera uku, otsatira uku, aliyense n'kupita kumene wasankha. Ngakhale mpikisano umene unkadziwika kuti Jack and Jill, womwe amakusankhira wovina naye mwa maere, m'malo ambiri a Lindy Hop tsopano umatchedwa Mix and Match. Ndipo zimenezi si zalero zokha: Al Minns ndi Leon James, amuna awiri a ku Savoy, ankaonetsa gule ameneyu ali awiriwiri.

Msinkhu nawonso si nkhani. Shorty Snowden anali wamfupi kwambiri, ndipo mnzake Big Bea, mayi wamtali, ankamaliza chionetsero chawo pomubereka kumsana n'kutuluka naye.

Nanga uthenga umadutsa bwanji ngati sakuyankhulana?

Apa ndiye pagona nkhani. Yesani izi ndi mnzanu. Imani moyang'anana, wotsogolera agwire ndi dzanja lamanzere dzanja lamanja la wotsatira, zala zopindika ngati mbedza, chala chachikulu osafinya. Zigongono zikhale zopindika pang'ono, patsogolo pa nthiti. Choyamba wotsogolera akoke ndi mkono, iye ataima pomwepo. Wotsatira adzamva kugwedezeka paphewa, mutu udzatsalira m'mbuyo, ndipo phazi lidzachedwa. Kachiwiri, mkono ukhale mmene ulili, koma wotsogolera abwerere m'mbuyo ndi thupi lonse. Wotsatira adzangopezeka wayenda, osadziwa kuti chamuyendetsa n'chiyani. Kutsogolera kwabwino ndi kwachiwiriku. Dzanja ndi chingwe chabe, chimene chikuyankhula ndi chiuno, msana ndi kumene kulemera kwa thupi kwapita.

Kuti chingwecho chigwire ntchito, mkono uyenera kulumikizika ndi msana. Aphunzitsi amati frame. Mkono ukakhala lende ngati nsanza, uthenga umathera m'chigongono. Ukauma gwa ngati mpini, kanthu kakang'ono kalikonse kamamveka ngati lamulo, ndipo nonse mumatopa nyimbo isanafike pakati. Mphamvu imene mnzanu wakupatsani, mubwezereni yofanana nayo, osapitirira.

Pali mitundu iwiri ya kumvanaku. Mukamatalikirana, pakati panu pamakhala kukokana konga kwa mphira ya legeni: imatanuka pang'onopang'ono, ikafika pamapeto imafuna kubwerera yokha. Mukamayandikirana, zikhatho zimakumana n'kukanikizana, kenako n'kukubwezani. Ovina bwino sagwiritsa ntchito minofu yambiri chifukwa amadikira kuti mphirayo iwagwirire ntchito.

Chinanso chimene ongoyamba amachinyoza ndi kunjanja kwa m'mawondo, kolowera pansi, pa kugunda kulikonse kwa nyimbo. Awiri akamanjanja pamodzi amakhala ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: misi siwombana chifukwa aliyense akumva nthawi ya mnzake. Mukapanda kunjanja, mnzanu sadziwa phazi limene mwaimira, ndipo ngati sakudziwa zimenezo sangakutsogolereni kapena kukutsatirani.

Tafotokozani swingout. Ndani amachita chiyani, ndipo liti?

Swingout, momwe wotsogolera amaitanira mnzake pafupi n'kumubwezanso kumene anachokera, ndiye msana wa Lindy Hop, ndipo imawerengedwa mpaka 8. Miyendo imayenda chonchi: sitepe, sitepe, masitepe atatu ofulumira, sitepe, sitepe, masitepe atatu ofulumira. Atatu ofulumirawo amatchedwa triple step ndipo amagwa pa 3-ndi-4 komanso pa 7-ndi-8. Wotsogolera amayamba ndi phazi lamanzere, wotsatira lamanja.

Pa 1 ndi 2 wotsogolera amaponda m'mbuyo n'kubwerera, ndipo kuyenda kwa thupi lakeko n'kumene kumaitana wotsatira. Pa 3-ndi-4 amapatuka panjira, n'kutembenuka kuti ayang'anane naye, dzanja lake lamanja n'kulandira msana wa wotsatira. Pa 4 mphira ija imakhala itatanuka kwambiri, onse atakhala pang'ono ngati akufuna kukhala pampando wosaoneka. Pa 5 wotsogolera amatsegula njira n'kuchotsa dzanja kumsana, wotsatira n'kudutsa kubwerera kumene anachokera. Pa 7-ndi-8 amakhala atagwirana dzanja limodzi, mphira ikutanukanso kukonzekera ulendo wina.

Zolakwika zimene ndimaona tsiku ndi tsiku ndi ziwiri. Otsogolera amakankha mnzawo pa 5 ngati akutaya thumba la chimanga, pomwe liwiro linalipo kale ndipo chinkangofunika ndi kumusiya apite. Otsatira amathamangira kutsogolo pa 1 asanaitanidwe, chifukwa analoweza kuti pa 1 timapita.

Masitepe ena amawerengedwa mpaka 6, ena mpaka 8. Wotsatira adziwa bwanji amene akubwera?

Sadziwiratu, ndipo safunika kudziwiratu. Zonse ziwiri zimayamba mofanana mpaka pa 4. Kuchokera pamenepo, ngati kuyenda kukupita kokatha, thupi limapempha triple step yachiwiri ndipo zathera pa 6. Ngati wotsogolera wapitiriza kuyendetsa, pamalowa masitepe awiri ena ndipo zifika pa 8. Lamulo limene limathandiza ndi lakuti pitirizani kumene mwatumizidwa, pa liwiro lomwelo, mpaka chinachake chikusintheni.

Izi zimafuna kuchedwa pang'ono, kochepa kuposa kuphethira. Wotsatira waluso amakhala m'mbuyo mwa uthenga, osati patsogolo pake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'kalasi la otsatira mwambiwu ndimaunena mobwerezabwereza mpaka amandiseka. Wolosera amakhoza katatu, koma kachinayi amatembenukira kumanja mnzake akupita kumanzere.

Anandiuza kuti ndine wolemera povina. Akunena za thupi langa?

Ayi, sikelo ilibe nazo ntchito. Pali anthu onenepa amene ukavina nawo umangomva ngati wagwira nthenga, ndipo pali owonda amene amakutopetsa mkono. Wolemera ndi amene wapachika thupi lake padzanja la mnzake, kapena amene amachedwa kwambiri kusuntha phazi. Kumbali inayo kuli wopepuka mopitirira, amene sumumva n'komwe kuti ali kuti. Wokwera kabaza amadziwa zimenezi: ukauma thupi pokhota, wopalasa amavutika, ukadzilekerera ngati mtolo amavutikanso. Umakhala wodzigwira wekha, koma ukupendekera kumene njinga ikupendekera.

Komabe munthu amene amauza mnzake mawu amenewa pakati pa gule alibe mwambo.

Pomutembenuza mnzanga, ndimukokere dzanja mpaka pati?

Pamwamba pang'ono pa mutu wake basi, ndipo dzanja lanu lijambule kabwalo kakang'ono ngati nkhata. Amatembenuka ndi miyendo yake, inu mukungosonyeza nthawi ndi mbali. Zala zikhale zomasuka kuti dzanja lake lizizungulira mkati mwa lanu. Wotsatira naye asunge chigongono patsogolo pa nkhope, asachilole kupita kumbuyo kwa phewa, poti ndi mmene anthu amavulalira.

Ine ndinaphunzira mochititsa manyazi. M'chaka changa choyamba ndinkapukusa mkono wa mnzanga ngati ndikuliza chigayo cha dizilo. Mayi wina wachikulire anaima pakati pa nyimbo, n'kugwira phewa lake, n'kundiuza mofatsa kuti, “Achimwene, mkonowu ndikufuna ndikaphikire mawa.” Sanakwiye. Tinamaliza nyimboyo, koma sindinapukusenso munthu.

Kodi wotsatira ali ndi ufulu wowonjezera zake?

Kwambiri, ndipo Lindy Hop wopanda zimenezi ndi wozizira. Malo odziwika ndi kumapeto kwa swingout ndi poyambira ina, pa 7, 8, 1 ndi 2, pamene awiri agwirana dzanja limodzi. Pamenepo otsatira amapotokola chiuno ndi mapazi uku ndi uku, zimene amati swivels, kapena kuponya mwendo, kutsetsereka, ngakhale kungoima n'kumuyang'ana mnzawo. Oonera ambiri maso awo amakhala pa wotsatira. Norma Miller, amene anayamba kuvina ku Savoy ali mtsikana ndipo anamwalira mu 2019 ali ndi zaka 99, ankatchedwa mfumukazi ya swing, ndipo palibe amene anamuonapo ngati katundu wonyamulidwa.

Pali kusiyana pakati pa kuwonjezera ndi kulanda. Mukakongoletsa mkati mwa nthawi imene mwapatsidwa, palibe chimene chasokonekera. Mukafuna nthawi yochulukirapo, mwina chifukwa lipenga likuchita zinazake zimene simungazisiye, mungapemphe polimbitsa dzanja pang'ono kuti mnzanu amve kuti simunathe. Wotsogolera womva amadikira, kapenanso kutengera zimene mukuchitazo. Chimene chimadandaulitsa ndi kudzitembenuza wekha nthawi iliyonse chifukwa waganiza kuti n'zimene mnzako amafuna. Wophunzira kutsogolera amene amavina ndi munthu wotero sadzadziwa kuti uthenga wake sukumveka.

Kwa otsogolera: ngati simusiya mpata, musadabwe kuti anthu akuvina nanu nkhope ili gwa.

Chovuta kwambiri n'chiti, kutsogolera kapena kutsatira?

Miyezi yoyambirira wotsogolera ndi amene amatuluka thukuta. Ayenera kusamala miyendo yake, kumva nyimbo, kuganiza chotsatira ndi kuyang'ana anthu ena, zonse nthawi imodzi. Wotsatira amayamba kusangalala msanga, makamaka akagwa m'manja mwa odziwa. Koma pakapita nthawi zimatembenuka. Kutsatira bwino munthu aliyense, pa nyimbo yothamanga, osalosera koma osachedwa, n'kumaponyamonso zako, ndi ntchito ya zaka. Maganizo anga ndi akuti aliyense alawe mbali zonse ziwiri, ngakhale kwa mwezi umodzi. Wotsogolera amene anakokedwapo mkono sakokanso wina.

Ndimadziwa masitepe anayi okha. Kodi mnzanga satopa nane?

Otsatira ambiri amene ndacheza nawo amasankha masitepe anayi omveka bwino, ogwa pa nyimbo, kusiyana ndi makumi awiri osokonekera. Kumbukirani kuti inu mumavina masitepe anu omwewo usiku wonse, koma iye amasintha munthu nyimbo iliyonse, ndiye kwa iye ndi zatsopano.

Chimene chingakuthandizeni kuposa sitepe yachisanu ndi kumva mmene nyimbo yamangidwira. Nyimbo zambiri za swing zimayenda m'zigawo, chigawo chilichonse chili ndi ma 8 anayi, ndipo za blues zimakhala ndi ma 8 okwana 6. Kumapeto kwa chigawo oimba amakonda kusintha kapena kudukiza. Mukachita swingout zitatu n'kuima limodzi ndi bandi pa 8 wachinayi, mnzanu adzamwetulira ngati mwachita zamatsenga. Mvetserani nyimbo za Count Basie mukuwerenga, mudzazimva.

Zikasokonekera, wolakwa ndani?

M'makalasi ena amati wolakwa nthawi zonse ndi wotsogolera. Mawuwa ali ndi ntchito yake, amaletsa otsogolera kuloza chala, koma si oona, ndipo amachititsa wotsatira kukhala ngati mwana wosayankha mlandu. Nthawi zina uthenga unali wosamveka, nthawi zina womvayo sanamvetsere, kawirikawiri zonse ziwiri. Pabwalo lovinira si pofufuzira zimenezo. Sekani, njanjani mpaka mupezane, yambiraninso. Wotsogolera waluso amatenga chimene chachitikacho n'kuchisandutsa sitepe, moti oonera amaganiza kuti anachita dala. Paja amati gule ndi aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo.

Ndipo musaphunzitse munthu pa nthawi ya chisangalalo ngati sanakufunseni, pokhapokha ngati akukupwetekani. Zikatero nenani pomwepo.

Holo ikadzaza, ndani amasamala kuti tisagunde ena?

Nonse. Wotsogolera ayang'ane kumene akutumiza mnzake asanamutumize, ndipo afupikitse mkono malo akachepa. Koma iye saona kumbuyo kwake. Wotsatira akaona kuti mnzake akubwerera pa anthu, akanikize ndi dzanja lake limene lili paphewa la wotsogolerayo kuti aime. Masitepe akhale aang'ono, pansi pa thupi, ndipo poponda m'mbuyo chidendene chisamenye pansi mwamphamvu. Mukagunda munthu pepesani, ngakhale mukuona kuti wolakwa ndi iyeyo.

Nanga zoponyana m'mwamba zija timaona m'mavidiyo?

Zimenezo amati air steps, ndipo sizitsogoleredwa mwadzidzidzi kwa munthu amene mwangokumana naye. Frankie Manning ndi Frieda Washington, amene amadziwika kuti anayambitsa sitepe yoyamba yotere chapakati pa zaka za m'ma 1930, anayamba ayeserera kunyumba pa matiresi asanaionetse ku Savoy. Gule wotchuka wa mufilimu ya Hellzapoppin' ya mu 1941, wovinidwa ndi gulu la Whitey's Lindy Hoppers, anali wokonzedwa ndi kuyesereredwa. Pa chisangalalo wamba malo ambiri amaletsa kunyamulana. Ngakhale kumugoneka mnzanu chagada kumapeto kwa nyimbo, yambani mwafunsa, poti simudziwa za msana wake.

Manning yemweyo anasiya zovina pa zionetsero n'kukagwira ntchito ku positi ofesi zaka pafupifupi 30. Atabwerera m'ma 1980 anaphunzitsa m'maiko ambiri, kuphatikizapo ku Herräng ku Sweden, mpaka anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 94. Ophunzira ake sakumbukira kwambiri za kuponyana m'mwamba, amakumbukira mmene ankalimbikira kuti wotsogolera azilemekeza ndi kuyang'ana munthu amene akuvina naye.

Kodi zonsezi n'chimodzimodzi mu West Coast Swing ndi Balboa?

Maziko ndi amodzi, kamvekedwe m'thupi n'kosiyana. Mu West Coast Swing, amene boma la California linamusankha kukhala gule wake mu 1988, wotsatira amayenda mumzere umodzi wowongoka, kupita ndi kubwerera, wotsogolera n'kumapatuka kuti adutse. Kunjanja kulibe, amayenda mosalala, ndipo sitepe iliyonse imathera pokhazikika m'mbuyo, pamene amati anchor. Amavinira nyimbo za blues, R&B ndi zamakono, ndipo wotsatira amapatsidwa mpata waukulu wotalikitsa sitepe.

Balboa anachokera kum'mwera kwa California komweko, m'maholo odzaza kwambiri. Awiri amagundanitsa zifuwa, masitepe ndi ang'onoang'ono, ndipo uthenga wonse umadutsa m'thupi, manja alibe ntchito yambiri. Oonera amaona ngati palibe chikuchitika. Ovinawo ndi amene amadziwa.

Ndinabwera ndi mkazi wanga. N'chifukwa chiyani mphunzitsi akuti tizisinthana ndi ena?

Chifukwa anthu awiri ovina okhaokha amaphunzira kubisirana zolakwa. Akazi anu amadziwa kuti mukakweza nsidze ndiye kuti mukufuna atembenuke, ndipo amatembenuka ngakhale thupi lanu silinanene kanthu. Mlendo sadziwa nsidze zanu, ndiye amakuonetsani zoona. Kusinthana kumachepetsanso mikangano ya m'banja, imene ndaiona ikuyambira pa triple step n'kukathera pa nkhani za chaka chatha. Ngati pali chifukwa chimene simukufunira kusinthana, uzani mphunzitsi, ambiri amalola.

Ndingapemphe bwanji munthu kuti tivine, ndipo ndingakane?

Aliyense angapemphe, wotsogolera kapena wotsatira. Pitani pafupi, funsani ndi pakamwa, osangotambasula dzanja kapena kukoka munthu. Ngati simukumudziwa, funsaninso ngati akufuna kutsogolera kapena kutsatira. Pali ena amene amasinthana mbali pakati pa nyimbo, koma zimenezo mumayamba mwagwirizana. Kukana n'kololedwa ndipo simufunika kupereka chifukwa. Wokanidwa anene zikomo n'kufunsa wina. Nyimbo ikatha thokozanani. Tengani malaya osinthira, swing imatulutsa thukuta ndipo dzanja la mnzanu limakhala pamsana panu.

Ndingayeserere bwanji ndilibe wovina naye?

Theka la mavuto a kutsogolera ndi kutsatira ndi mavuto a munthu payekha: kusakhazikika pa phazi limodzi, kutaya nyimbo, kusamaliza kusamutsa thupi kuchoka phazi lina kupita lina. Zonsezi mungazikonze muli nokha pabalaza. Ikani nyimbo yapakatikati, chitani triple step mukupita kutsogolo, m'mbuyo ndi m'mbali mpaka miyendo izichita yokha inu mukuganiza zina. Phunzirani Shim Sham, gule wa aliyense payekha amene ovina Lindy Hop amavina pamodzi m'maiko ambiri. Kuti mumve kutanuka kuja, mangani mphira ya chubu cha njinga pa chitsulo cha pawindo, igwireni ndi zala zopindika, chigongono patsogolo pa nthiti, ndipo bwererani m'mbuyo ndi chiuno mpaka mphirayo ikuitaneni kuti mubwerere.